Msana wa Bestone Chikomeni

Bestone Chikomeni anali munthu wowonda ngati paini wokanika kukula. Ankanyamula matabwa ku Luwawa, ndipo anzake ankamusiyira opepuka, ati angathyoke. Nyumba yake ku Champhira inkadontha. Malaya anali nawo amodzi, a kutchalitchi ndi a kuntchito omwewo.

Chaka china, pa chikondwerero cha ufulu pa boma la Mzimba, anaona Jones, katswiri wa mpikisano woonetsa minofu. Jones anaima pa thebulo atavala kabudula yekha, thupi likunyezimira ndi mafuta. Manesi ndi aphunzitsi ochokera kumwera ankakuwa ngati aona mngelo. Munthu wosalima, wosasenza kanthu kothandiza, anapatsidwa njinga yatsopano chifukwa chongofufumitsa chifuwa basi! Bestone anabwerera kwawo mtima ukuwawa.

Anathira simenti m'zitini, nazilumikiza ndi chitsulo cha ngolo, n'kumanyamula tsiku ndi tsiku. Anangowonjezera kuwonda. Mapeto ake anabwereka njinga n'kupita ku Manyamula kwa Zondwayo, sing'anga wa zizimba.

Zondwayo anamutsina mkono n'kuseka.

"Ukufuna mnofu, mwana wanga? Mnofu sugwa ndi mvula. Umachoka pa wina."

"Ndapota, adada, ndithandizeni. Mbuzi ndipeza."

"Mbuzi ya chiyani? Ukufuna thupi la mbuzi?" Anatulutsa botolo la mafuta akuda. "Anyamata a masewera anuwa amadzola asanakwere pa thebulo. Tandiuza, pamsana amadzidzoza okha?"

"Ayi, dzanja silifika. Amawadzoza ena."

"Mbwenu, ndi momwemo. Akudzoze wokukonda ndi mtima wonse. Waganyu mafutawa amukana. Ndipo iwe mwini usadzawakhudze."

"Nanga wodzozayo zimuthera bwanji?"

"Ukufunsa, koma botolo walowetsa kale m'thumba."

Mkazi wa Bestone, Modester, anali wathupi, wosenza yekha thumba la chimanga kupita nalo kuchigayo. Ataona msana wa mwamuna wake anaseka.

"Mafuta onunkha chomene awa, a Chikomeni! Nthiti izi ndizidzoze kapena ndiziwerenge?"

Anadzoza. Dzinja lisanathe, malaya amodzi aja anang'ambika m'mapewa. Bestone anagonjetsa Jones pa Mzimba pomwepo, kenako anapambana ku Mzuzu mpaka ku Blantyre. Wamalonda wina kumeneko anagula chithunzi chake n'kuchimata pa mabotolo a mankhwala opatsa mphamvu. Kunabwera nyumba ya malata, golosale pa boma, galimoto. Aja ankamusiyira matabwa opepuka anayamba kumuvulira chipewa.

Koma chitenje cha Modester chinayamba kumuzungulira kawiri. Kuchipatala sanapeze nthenda. Tsiku lina anakanika kudzuka pa mphasa.

"A Chikomeni, manja anga akakhudza msana wanu amazizira mpaka mumtima. Lero ndipumeko."

"Mpikisano ndi mawa. Ukufuna ndikachite manyazi? Malata awa sakukufunda iwe?"

Anamudzutsa ndi dzanja limodzi, ngati akunyamula nkhuku, n'kumukhazika kumbuyo kwake. Modester anadzoza akulira. Bestone anapambananso, ndipo pobwerera anapeza maliro. Bokosi analisenza yekha paphewa mpaka kumanda, ndipo anthu anasiya kulira n'kumasirira mapewa ake. Anthu ndi otero.

Kenako anakatenga amayi ake kumudzi, ati azikawasamala pa boma. Nkhalamba ija inkati "yewo, mwana wanga" uku ikumupaka mafuta. Sinaone chimanga chikukhwima. Mlongo wake Loyce atamva kuti achimwene akumuitana, anathawira ku Zambia.

Bestone anakwatira Jennifer, amene ankagulitsa m'golosale yake. Jennifer anadzoza, koma mafuta anangoyenderera pansi ngati madzi pa lata. Iye anakwatiwa ndi golosale, osati munthu. Thupi linayamba kulendewera, ndipo mpikisano waukulu wa dziko lonse unali utayandikira. Bestone anathamangitsa galimoto kupita ku Manyamula.

"Adada, ondikonda atha. Ndichite chiyani?"

Zondwayo anapitiriza kusenda chinangwa chake.

"Watsala mmodzi, amene wakhala akukukonda kuposa onsewo."

"Ndani?"

"Iwe wemwe. Koma za ameneyo ndinakuuza kale."

Pa tsiku la mpikisano, kuseri kwa holo ku Blantyre, Bestone anathira mafuta m'manja mwake n'kudzipaka pamene dzanja linafika. Atakwera pa thebulo, msana unafufuma kuposa kale, ndipo anthu anaimirira kuomba m'manja. Sanaone kuti mikono ikufota ndipo miyendo ikusanduka bango. Mnofu unkachokabe pa wodzoza. Miyendo ija inathyoka pansi pa katundu wake womwe, ndipo ena m'holomo anaseka poganiza kuti ndi mbali ya masewera.

Jennifer anagulitsa zonse n'kupita. Bestone anakatulidwa pa depoti ya basi pa Mzimba. Ankagona chafufumimba, chimsana ngati chulu, timanja tosatha kuthamangitsa ntchentche, akupempha aliyense wodutsa: "Ndidzozeni, ndapota." Manesi ndi aphunzitsi aja ankamulambalala atagwira mphuno. Anafera pomwepo, ndipo palibe bokosi limene linamukwana.

Inu osirira za eni, dziwani kuti chuma cha zizimba chimadulidwa pa matupi a okukondani. Dyera likawamaliza iwo silikhuta, limatembenukira kwa mwini wake.