Mfundo ya M'chigafa

Mtembo wa Edmore Gumbo unapezeka Lachiwiri m'mawa pansi pa nsanja ya netiweki, pafamu ya fodya kufupi ndi Marondera. Iyeyu ndiye ankaphunzitsa ndi kuyesa ofuna satifiketi yoyamba ya umisiri wa netiweki. Lamba anali m'chiuno, koma chingwe chomuteteza chinali chitaduka.

Sajeni Talandira Mbewe atachiona anadziwa kuti ndi ntchito ya mpeni. Abwana ake, omwe sakonda kutopa, analoza chala Charmaine, wophunzira wa m'komboni amene anakangana ndi Edmore dzulo lake. Akuti mphunzitsiyo anamuuza kuti abwerere kukasankha fodya.

"Kumutukwana ndinamutukwana, sindikana," anatero Charmaine atamutsekera kupolisi. "Koma mayeso ndi mawa, ndipo ndilemba, mufune musafune."

Talandira, nayenso mwana wa m'komboni, zinamupweteka mtima. Mtsikanayu akanataya mayeso ndi ufulu womwe chifukwa cha pakamwa pokha. Anakana kutseka mlandu, nakwera nsanja yekha.

Pamwamba anapeza chidutswa cha chingwe chitamangidwa pachitsulo. Anazindikira kuti wina anamasula chingwe Edmore atalendewera, kenako anadula kachidutswa n'kukamangirira kuti anthu aziti chaduka chokha. Koma mfundoyo sinali ya kusukulu. Inali yomangira fodya m'chigafa, yomwe amayi a Talandira ankamanga ngakhale akuwodzera.

Masana anasonkhanitsa ophunzira onse, nawapatsa chingwe kuti amange mfundo. Aliyense anamanga monga anaphunzirira, ngakhale Laxon, bambo wa imvi amene anakalambira pa nsanja wopanda pepala. Talandira anawathokoza, nauza Laxon kuti akunge chingwecho akachipachike. Bamboyo anachita osaganizira, ndipo zala zinamuulula pomanga mfundo ya m'chigafa ija.

"Achimwene, mfundo iyi ndaiona kale lero, kumwamba uko," anatero Talandira.

Laxon sanathawe, sanagwetsenso nkhope. Anati kampani inalamula kuti wopanda satifiketi achoke, ndipo Edmore anamulepheretsa kawiri chifukwa cha mfundo yomweyo. Sabata yatha anamuseka pamaso pa ana, akuti manja a purazi, ozolowera ntchito ya pafamu, sayenera kukhudza nthambo za faibala.

"Nsanja iyi ndinaimika ndine, iye ali ku sukulu," anatero. "Basa langa, ntchito yanga yeniyeni, alande mwana wadzulo? Ndinamasula, ehe."

"Nanga Charmaine? Mukanamusiya apite kundende?"

Bambo a mtsikanayo anali mnzake wa Laxon wa m'chigafa chimodzi.

"Mutulutseni akalembe," anatero Laxon, akutambasula manja. "Iyeyo amamanga ya kusukulu."

Talandira anam'manga unyolo mtima ukuwawa, natumiza uthenga kupolisi kuti Charmaine atuluke. Uthengawo unadutsa pa nsanja yomwe Laxon anaimika.