Dzina limene linali pa fomu ya msonkho

Anakumana pokwerera basi yopita kolongedza malalanje ku Griffith, m'mawa wa Ogasiti, chisanu chikuluma zala. Leitu, mtsikana wa Chisamoa wobadwira ku Griffith komweko, anali atavala majuzi awiri. Mnyamata amene anaima pambali pake anali ndi malaya amodzi okha, mano akugundana.

Leitu anamubwereka mpango wake wa m'khosi. Ana inu, mwamuna wosamudziwa sabwerekedwa mpango! Umabwerera uli ndi mawu.

Unabwereradi mawa lake, wochapachapa, mkati muli kapepala ka nambala ya foni. Mnyamatayo anali Waisea, wa ku Fiji, wobwera pa chilolezo chothyola zipatso, ndipo anali atangofika kuchokera ku minda ya nthochi ya ku Queensland. Pakamwa pake panali uchi. Masana aliwonse foni ya Leitu inkalira.

"Duwa langa, lero ndathyola malalanje ambirimbiri, koma lotsekemera ngati iwe sindinalipeze."

"Bodza! Wawalawa onse?" ankayankha Leitu, uku akuseka yekha.

"Ndikadzakusiya, nyanja ya kwathu idzaume."

Mayi ake a Leitu sanakondwe nazo. Anamuuza kuti anyamata a zipatso ali ngati mbalame za m'munda, zipatso zikatha nazo zauluka. Anamufunsanso chifukwa chake mnyamatayo sankamupatsa foni kuti alonjere abale ake. Leitu anamuikira kumbuyo: kumudzi kwawo foni sizigwira bwino. Kodi mtima ukakonda umamva za mayi?

Mu Novembala awiriwo analowa m'kanyumba ka lendi. Waisea sanali waulesi, zimenezo tisamunamizire. Ankaphika chinangwa cha kokonati, Leitu akadwala ankamusisita mapazi, ndipo Lamlungu ankaimba ku tchalitchi mpaka amayi kupukuta misozi. Atamuveka mphete n'kulonjeza ukwati wa mu Disembala wotsatira, mayi ake a Leitu anagonja. Anatulutsa m'bokosi mkeka wosalala wa ukwati, umene anabwera nawo kuchokera ku Samoa, n'kuuyanika padzuwa.

Julaye atafika, mwezi umene aliyense wolandira malipiro amakalembetsa za msonkho, Leitu anati apitire limodzi kwa Mayi Zanotto, amene amathandiza anthu kudzaza mafomu kuseri kwa sitolo ya nyama. Waisea anavomera mosangalala. Panjira ankamuseka Leitu kuti ndalama zikabwerako amugulira diresi la mchira wautali, loti ana asanu azinyamula.

Mayi Zanotto anayamba ndi Leitu. Anamufotokozera kuti kwa a msonkho, anthu okhala nyumba imodzi ngati banja ndi banja basi, kaya sanapite ku tchalitchi, ndipo fomu imafuna dzina la mwamuna ndi zimene amalandira. Leitu anaona dzina la Waisea likulowa pa malo a mwamuna wake. Mtima unachita kuvina! Pepala loyamba padziko lapansi kuwatchula banja. Anamutsina Waisea pa bondo.

"Wamva, bambo a kunyumba? Boma latikwatitsa kale. Kuthawa kulibe."

Kenaka mayiwo anatsegula za Waisea pa kompyuta. Anayang'ana, anakonza magalasi, anayang'ananso.

Apa mpamene muyenera kumvetsera, ana inu. Chaka chathacho Waisea anadzaza fomu yake ku Queensland, ulendo wa masiku awiri pa basi. Iye ankayesa kuti pepala limatsala mu ofesi imene analilembera, monga kwawo. Sankadziwa kuti zinthu zimenezi zimamutsata munthu ngati chithunzithunzi chake. Pepala siligona, siliiwala, ndipo silidziwa manyazi.

"Bambo Waisea," anatero mayiwo motsitsa mawu, "fomu yanu ya chaka chatha ili ndi dzina la akazi anu, a Litiana, ndi ana awiri. Kodi ukwati umenewu unatha? Ndiyenera kudziwa ndisanalembe."

Dzanja la Leitu linali likadali pa bondo la Waisea. Analichotsa pang'onopang'ono.

Waisea anagwetsa nkhope. Anafotokoza kuti anamukwatitsa ali wamng'ono, kuti patha zaka zinayi asakukhalira limodzi, kuti amangotumiza za ana. Ukwati wa ku tchalitchi sunathe, koma mtima wake unachokako kale. Tsiku lililonse ankati anena mawa, ndipo tsiku lililonse ankaopa kuti akanena amutaya. Misozi inkagwera pa malaya ake a ntchito. Mwina zonsezo zinali zoona. Ndani angalowe m'mtima mwa munthu?

Leitu anamufunsa chifukwa chake sanabise dzinalo pa fomu. Waisea anati anauzidwa kuti wonamiza boma amamulanda chilolezo n'kumubweza kwawo.

"Ndiye boma unaliuza zoona chifukwa unkaliopa," anatero Leitu. "Ine amene ndimakufunditsa usiku, unaona kuti bodza likundikwana."

"Leitu, duwa langa, ndipatse miyezi itatu yokha. Ndikathetsa zonse."

"Anawo mayina awo ndani?"

Waisea anawatchula. Wamng'ono anali ndi zaka zitatu. Kwa Leitu sipanafunike kompyuta kuti awerengere: zaka zinayi zosakhalira limodzi, mwana wa zaka zitatu. Sanakuwe, sanatukwane. Anangoti Waisea akamudikire panja.

Atatsala awiri, anapempha Mayi Zanotto kuti afufute dzinalo pa fomu yake. Mayiwo anamugwira dzanja n'kumuuza kuti sangathe: miyezi imene anakhala limodzi anakhaladi limodzi, ndipo fomu imafuna masiku ake, kuyambira liti mpaka liti. Anamuwerengera zimene analemba: kuyambira pa 9 Novembala mpaka pa 30 Juni.

"Usadandaule ndi tsiku lomalizalo, mwanawe. Langokhala tsiku limene chaka cha msonkho chimathera."

Leitu analiyang'ana nthawi yaitali.

"Lisiyeni choncho, mayi. Lalembedwa bwino."

Anasaina, anavula mphete, n'kutuluka. Waisea anali ataima pa khomo la sitolo ya nyama, mphepo ikumuwomba, mpango uja, umene Leitu anamubwerekanso, uli m'khosi. Leitu anamuika mphete m'dzanja n'kumupinda zala. Mpango sanaulande, kunja kunkazizira.

Atafika kwa mayi ake anawapeza akuyanikanso mkeka uja. Mayiwo anayang'ana chala, anayang'ana nkhope. Sananene kuti ndinakuuza. Anangogwira nsonga ziwiri za mkekawo, Leitu anagwira zinazo, ndipo anaupinda limodzi n'kuubwezera m'bokosi.

Foni inalira m'thumba. "Duwa langa, nyanja sinaume."

Leitu anaitembenuza chafufumimba pa tebulo, n'kugwera pa chifuwa cha mayi ake.