Khoma Lopanda Kampata

Mvula yoyamba itangogwa, a Pilato, mlonda wa damu la pa esiteti ina ya tiyi kumtunda kwa Muloza, anayamba kumva kugogoda. Kunkamveka kusanache, nkhungu itakuta madzi: phwa, phwa, kenako zii, kenako phwa, ngati munthu akumenya chitseko ndi chikhatho chonyowa.

Tsiku lachitatu analimba mtima n'kutsikira kunsi kwa khoma, tochi ili m'manja. Zinali nsomba. Matemba ndi milamba, zonse zitaloza kuphiri, zikulumpha n'kumadzimenyetsa pasimenti. Zina milomo inali itanyuka, zina zilonda zoyera kumsana. Kuwala kwa tochi sizinakuthawe.

Kale mtsinjewu unali ndi ulemu wake. Nyengo ngati imeneyi nsomba zinkakwera kukaikira mazira kumtunda, ndipo aliyense wotchera mono ankasiya kampata pakati kuti zina zidutse. Omanga khoma sanasiye kampata.

"Kumsika akuti pansi pa damulo panatsala manda," ananong'ona akazi awo, a Esteri, akuwapatsira tiyi. "Akuti nsombazo zikuchita kuitanidwa."

"Zamkutu izo, mayi a Felix."

"Zamkutu? Nanga mukuonderanji chonchi? Koma ndapota nanu, geti yotulutsira madzi ija musaikhudze popanda mawu a bwana. Akakuchotsani ntchito, nyumba ya kampaniyi tituluka. Tikalowera kuti, kutsidya kwa malire ku Milanje komwe tilibeko ndi mbale yemwe?"

A Pilato analandira tiyi uja n'kumwa. Kugogodako tsopano kunkawatsata. Ankakumva m'madontho a padenga, m'mtondo wa aneba, ngakhale m'chifuwa mwawo momwe.

M'bandakucha wa tsiku lachisanu anatenga kiyi, natsegula loko, napukusa chigudumu cha geti katatu kokha. Mumtima ankati, kampata basi, monga ankachitira malemu bambo awo.

Koma getiyo inali pansi penipeni pa khoma. Madzi amene anatuluka sanali amene iwo ankawaona pamwamba tsiku ndi tsiku. Anali akuda bii, ozizira ngati mtembo, onunkha mazira owola, madzi ogona zaka pansi pa matope ndi masamba. Anakhuthukira pa nsomba zija. Phwa wina anamveka kamodzi, mofooka. Kenako kunalibe kanthu.

Dzuwa potuluka, mtsinje unali mbuu ndi mimba za nsomba mpaka kumlatho. Akakowa anazungulira m'mwamba, osatera.

Kapitawo, a Ganizani, anafika atatseka mphuno ndi chipewa.

"Achimwene, mumati zikwera bwanji pamenepa? Nsomba ili ndi makwerero?"

"Ndimati ndizipatse njira."

"Mwazipatsadi. Bweretsani kiyi. Nyumba ija pofika Loweruka ikhale yopanda munthu."

Loweruka m'mamawa kunkawaza. A Pilato ndi akazi awo anadzera kanjira ka m'munda wa tiyi, matiresi panjinga, mapoto pamutu pa a Esteri, amene chiyambire tsiku lotsegula geti lija anali asanawayankhule amuna awo. Pafupi ndi khoma mayiyo anangoima njii.

"Bambo a Felix," anatero motsitsa mawu, "musauponde."

Pakati pa njira panali mlamba, kutali ndi madzi, ukudzikoka pamatope ndi zipsepse zake. Maso ake anali oyera, osaona. Unkalambalala khoma, kukwera chakuphiri.

Anaima ndi katundu wawo, anthu awiri opanda kolowera, kuudikira kuti udutse. Utalowa pansi pa tiyi, a Pilato anagwira njinga kuti apitirize. Pamenepo udzu wa kumunsi unayamba kugwedezeka, uku ndi uku, mpaka kumtsinje.