Njerwa za M'kati mwa Anyezi

Elube anali atasankha kale dzina latsopano. Ankafuna kukhala Annette. Ku Chinsapo nkhani zotere si zachilendo. Ana akasankhidwira kusekondale yoyendera ya m'dera momwemo, ena amabwerera ku Sitandade 8 pasukulu ina ndi dzina lina, n'kulembanso mayeso kuti mwina ulendo uno asankhidwire kusukulu yaikulu ya boma. Elube anali mu Folomu 1, teremu yachiwiri, koma mtima wake unali utabwerera kale kupulayimale.

"Ndiye chaka chonse chilowe m'madzi chifukwa cha mpanda wa njerwa?" anafunsa bambo ake, a Medson, akukonza tcheni cha njinga yawo ya kabaza.

"Si mpanda ayi, adadi. Kumene kuja kuli labu. Ife sayansi timaphunzira ndi choko basi."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana iwe. Koma chabwino, undiyankhe Lamulungu. Ukakakamira, ndikakufunira malo."

Kunena zoona, sukulu ya Elube inalibe zambiri zoti munthu n'kunyadira. Chimene inali nacho ndi a Gwanda, aphunzitsi a sayansi, bambo wowonda wa tayi imodzi yomweyo, amene chilichonse ankachijambula pabolodi. Maselo a anyezi ankawajambula ngati njerwa zoyalidwa bwino, kadontho pakati pa njerwa iliyonse. Ana ankanong'onezana kuti munthuyu ayenera kuti anali mmisiri womanga nyumba asanayambe uphunzitsi. Elube ankaseka nawo. Anyezi ankamudziwa bwino, ankamudula tsiku ndi tsiku, ndipo njerwa anali asanazionemo.

Loweruka lake a Gwanda anatenga kalasi yonse kupita kusukulu yaikulu ija, pakuti masukulu oyandikana anagwirizana kuti opanda labu azikabwereka kamodzi pa teremu. Aphunzitsi anatsogola, jumbo ya anyezi wa pamsika ili m'manja.

Atalowa pageti, phokoso lonse linatha lokha. Kapinga wometa bwino, mawindo onse agalasi, makonde aatali oti munthu n'kusochera. Mu labu munali mipopi patebulo lililonse, mabotolo amitundumitundu, ndi mafupa a munthu wathunthu ataimikidwa pakona ngati akudikira minibasi. Elube ankayenda monyang'ama, akuopa ngakhale kupuma kwambiri. Mumtima anati, Annette adzakhala pompano.

Anawaika awiriawiri ndi ana apasukulupo. Elube anakhala ndi mtsikana wina dzina lake Jacinta, wa yunifolomu yosita bwino. Patsogolo pawo panali maikulosikopu, makina oonera tizinthu tosaoneka ndi maso. Elube anasenda kakhungu ka anyezi kopyapyala, nakaika pagalasi, n'kudonthezapo mankhwala monga a Gwanda anawaphunzitsira ndi manja okha m'kalasi. Kenako anatsinzina diso limodzi.

Poyamba anangoona chifunga chachikasu. Anapotokola kachitsulo ka pambali pa makinawo pang'onopang'ono, chifungacho n'kuyamba kuyera. Mwadzidzidzi zinatulukira. Njerwa, mizeremizere, zoyalidwa mwaluso kuposa khoma lililonse la mu Lilongwe, ndipo iliyonse inali ndi kadontho kake. Anyezi wamba wa pamsika wa Chinsapo, yemwe mayi ake amakanganirana mtengo ndi ogulitsa, anali atabisa mzinda wonse m'kakhungu kotaya. Misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo ulendo uno sunali ukali wa anyezi.

"Tandipatsako nane ndione," anatero Jacinta.

Jacinta anasuzumira nthawi yaitali. "Ndiye timadonthoti ndi chani?"

Elube anamufotokozera zonse, mawu a a Gwanda akungotuluka okha m'kamwa mwake. Kenako anadabwa. "Koma iwe si umaziona daily zimenezi?"

"Daily? Aka n'koyamba, aise. Makinawa amakhala okiyiridwa m'kabati, lero awatulutsa chifukwa cha alendo. Aphunzitsi athu a sayansi anasamutsidwa teremu yatha, ndipo mpaka pano sanabwere ena. Timangokoperana manotsi." Jacinta analoza a Gwanda ndi mlomo. "Awowo amabwera tsiku lililonse?"

"Ngakhale Loweruka."

"Muli ndi mwayi inu."

Elube anatembenuka kuwayang'ana aphunzitsi ake. Anali atatulutsa choko m'thumba la malaya, akujambula njerwa zawo zija pabolodi la eni ake, ndipo ana a yunifolomu zosita anali atawazungulira, ena akukopera ataimirira. Zimene zinali pabolodi ndi zimene zinali m'makina zinali chimodzimodzi, kadontho ndi kadontho. Elube anachita manyazi ndi kuseka kwake konse kuja, koma manyaziwo anamira m'kuzizwa. Munthuyu miyezi yonseyi ankawauza zoona, ndi choko chokha.

Lamulungu atabwerako kutchalitchi, a Medson anamupeza Elube pakhonde akudula anyezi wothira m'ndiwo.

"Ndiye tizikuitana ndani tsopano? Annette?"

"Elube yemweyo, adadi. Mawa ndikupita kusukulu kwathu."

Bambowo anakhala pansi, akumuyang'ana modabwa. "Labu ija sinakusangalatse?"

"Yandisangalatsa kwambiri. Teremu ya mawa tipitanso." Anasenda kakhungu kopyapyala, nakakweza kudzuwa. "Tayang'anani umu, adadi. Muli njerwa."

A Medson anatsinzina diso, n'kuyandikitsa nkhope mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza kakhunguko. "Ine sindikuona kanthu."

"Zilimo," anatero Elube. "Nanenso sindinkakhulupirira."