Wokwera Pamsana pa Bambo

Madzulo aliwonse telala ankavundikira makina ake osokera n'kutereka madzi osambitsira bambo ake. Bambowo adaterereka m'bafa n'kuthyoka chiuno, ndipo adokotala adanena mosapsatira kuti sadzayendanso. Mwana wamkaziyo ndiye ankawanyamula, kuwatembenuza ndi kuwasinthira zofunda, yekhayekha.

Lachitatu lina adapeza matope kumapazi kwawo, ofiira, aawisi, onunkha ngati dzenje longokumbidwa kumene.

"Bambo, munapita kuti?"

"Ndi mwendo uti, mwanawe?"

Sabata yomweyo amayi ake a kalipentala adagwa pakhonde n'kumwalira. Kenaka adagwa mlonda wokalamba wa kusukulu. Asanatsirizike, onse awiri adanena zofanana: kumbuyo kwawo adamva wefuwefu wa munthu wotopa, ndi phazi limodzi likukhwekhwereza pansi. Makasitomala adayamba kudzatenga nsalu zawo zosasoka, osalowa n'komwe m'nyumba.

Mlongo wake adabwera, naima pazenera.

"Achemwali, anthu agula petulo woti awotchere nyumba ino. Akuti bambo ndiwo akupha anthu, pofika Loweruka akhale atachoka."

"Munthu woti kuchimbudzi ndimachita kumubereka ine?"

"Kawauzeni eni ake. Ine ndili ndi ana."

Kuchipatala adati bedi kulibe. Azakhali sadayankhe foni. Telala adatenga tepi yake yoyezera, namanga mwendo wa bambo ake kumkono wake. Adakhala pampando, akudzibaya ndi singano kuti asagone.

Kutacha, mfundo inali momwemo. Koma bambo anali thukuta lokhalokha, ndipo pamsana pawo panali mikwingwirima ya chikwapu, ikutuluka magazi. Kutsidya kwa msewu kunamveka kulira kwa maliro ena.

"Usandimangenso," adanong'ona bambowo. "Ukamanga, amakoka kwambiri."

"Ndani?"

"Sindimuona. Amakhala pamsana, ine n'kumathamanga. Akandilozera munthu, ndimamugunda."

Telala adagwada, nagwira manja awo ozizira.

"Tithawa, bambo. Ndikuberekani mpaka kumsewu waukulu, lero lomwe."

"Zatha, mwanangu. Wati ndakalamba, ndikumuchedwetsa. Sabweranso kwa ine."

Mtsikanayo adalira, koyamba chigwereni bambo ake. Anali atayamba kale kuthokoza Mulungu pamene adaona kuti iwo sakumuyang'ana.

"Wandifunsa kuti pakhomo pano wamsana wolimba ndani."

"Mwamuyankha chiyani?"

Bambo, amene kwa miyezi isanu sankatha kutembenuka okha, adatembenukira kukhoma.