Ngongole ya Dzino

Mkamwini anali ndi ngongole ya dzino, ndipo masiku anayi anali atatha asanabweze ngakhale pepani. Amayi a mbuzi, monga ankawatchulira kumsika chifukwa cha malonda awo, analimanga dzinolo pa mfundo ya mpango n'kuuvala m'khosi. Linali lakutsogolo, loyera, lathunthu ndi muzu wake. Mano iwo ankawadziwa. Anali atatha zaka makumi atatu akukanula mbuzi kukamwa asanatchule mtengo, ndipo dzino lotere silichoka lokha.

"Ndinagwa m'bafa," anatero mwana wawo wamkazi, atakhala pabedi m'chipinda chimene anakuliramo, mlomo uli ndundundu.

"Bafa lakelo limavala mphete? Patsayapa pali chidindo cha mphete. Chaka chatha linakuthyola mkono ndi bafa lomweli?"

Mwanayo analira, kenako anaulula. Iye ndi mwamuna wake anali ndi kakampani kopanga timapepala toyezera matenda: ukadonthezapo magazi, kapepala kamasintha mtundu. Anatipanga ndi iyeyo, zaka zisanu ali chiweramire mu labotale. Mwamunayo yake inali pakamwa ndi tayi. Tsopano makampani a mankhwala anali atakonza msonkhano ku hotela ya m'phiri, woti m'mawa azikambirana malonda, masana azikwera miyala, ndipo kunkabwera anthu a ndalama ofuna kugula nzeru zatsopano. Iye anangopempha kuti akafotokoze yekha za timapepalato. Mwamunayo anamukoka tsitsi, n'kumumenyetsa nkhope pa sinki kawiri, n'kumalizitsa ndi chibakera.

"Ndiye ali kuti?"

"Ananyamuka dzulo. Basi ya apabanja inyamuka mawa, koma ine anati ndinene kuti ndili ndi chimfine."

Amayiwo anapisa m'chikwama cha mwanayo n'kutulutsa baji yolowera kumsonkhano.

"Amayi, chonde musapite. Mundichititsa manyazi."

"Manyazi ali m'kamwa mwakomo. Taseka tione."

Anamenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa pakhoma.

M'mawa pabasi, mkazi wowerenga mayina anayang'ana bajiyo, n'kuyang'ana nsapato zawo za pulasitiki. "Ndinu akazi awo?"

"Ndine amene ndinabala akazi awo. Mpando ndi womwewo."

Ku hotela kunkazizira ngati m'firiji ya kubutchala. Anthu ankazungulira ndi makapu m'manja, akupatsana timakadi, akuseka zosaseketsa. Bambo wina wa magalasi anawapatsa kakadi kake n'kufunsa kuti iwo ali mbali iti ya sayansi ya zamoyo.

"Mbuzi."

"Katemera wa ziweto?"

"Chingwe ndi mpeni."

Mkamwini anali kutsogolo, kapepala ka mwana wawo atakanyamula m'mwamba. Chingerezi chakecho amayiwo sankachimva, koma kudziguguda pachifuwa kumamveka m'chinenero chilichonse. Kenako anawaona amayiwo. Anamaliza mothamanga, n'kubwera akumwetulira, n'kuwagwira mkono ngati akuwalandira. Atangokhota pakhonde anawakankhira kukhoma n'kuwapotokola dzanja mpaka mfundo zinalira.

"Amayi, mwadzatani kuno?"

"Ndadzatenga changa, apongozi."

"Mukangotsegula pakamwa, mwana wanu atsala ndi nkhama zokhazokha. Mwamva?"

Mphete ija inkawaboola khungu. Sanakuwe. Wogulitsa akatentha mutu sumuyankha, umadikira kuti dzuwa limuwombe.

Masana onse anawatengera pansi pa thanthwe lalitali kuposa nyumba yosanja katatu. Mlangizi wa zokwera, bambo wamfupi wa mapewa aakulu, anafotokoza lamulo la masewerawo: wokwera amamangidwa chingwe m'chiuno, chingwecho chimadutsa pamwamba n'kutsikira kwa mnzake wapansi. Wapansiyo azikhala wapabanja kapena wakuntchito, kuti anthu aphunzire kukhulupirirana. Ndiye chimene makampani ankalipirira.

Panali mayi wina wa imvi, yemwe aliyense ankamusekerera chifukwa ndalama zogulira timapepala zinali zake. Mayiyo anawomba m'manja, n'kutembenukira kwa mkamwini. "Abwana, chingwe chanu agwire apongozi anuwa. Munthu amene amagwirizana ndi apongozi ake, ifenso tigwirizana naye."

Anthu anaseka. Mkamwini anasekanso, thukuta lili pamphuno. Akanakana bwanji?

Mlangizi anayamba kuwaonetsa amayiwo kachitsulo kodutsamo chingwe. Iwo anamudula. "Chingwe ndinayamba kugwira inu musanamere mano. Tonde wa makilo makumi asanu sanandipulumukepo." Mlangiziyo anaseka, n'kuima kumbuyo kwawo atagwira nsonga ya chingwe mwaulemu chabe.

Mkamwini anakwera bwino, zimenezo tisamunamizire. Anafika pamwamba, analiza kabelu, anthu anawomba m'manja. Koma potsika lamulo ndi loti usiye mwala, utsamire m'mbuyo, thupi lonse ulipereke kwa wapansi. Amayiwo anamutsitsa pang'onopang'ono mpaka pakati, n'kutseka chingwe. Mkamwini anatsala lendelende, mapazi ali pathanthwe.

"Apongozi, tikambirane mtengo."

"Amayi, tsitsani. Anthu akudikira."

"Timapepala tija anapanga ndani?"

"Kampani."

"Kampaniyo yatsala ndi mano angati?" Anatembenukira kwa mayi wa imvi uja. "Mayi, tamasulani mfundo ili m'khosimu, manja anga ali pa ntchito."

Mayiyo anamasula akumwetulira, poganiza kuti ndi masewera. Dzino litagwera m'dzanja lake, kumwetulira kunatha.

"Limeneli ndi la mwana wanga, mkazi wa abwana ali m'mwambawa. Ndi amene anapanga zimene mukufuna kugulazo. Apongozi, tawauzani anthu, linachoka bwanji?"

"Anagwa m'bafa. Amayiwa mutu wawo sukoka bwino, musawamvere."

"Mayi, atsitseni kaye," anatero mlangizi chapansipansi.

"Ndiwatsitsa. Ndatsitsa kale mtengo. Sindikufuna ndalama, sindikufuna kugwada. Angonena kuti ndine ndinamumenya, ndipo nzeru ndi zake. Akatero ndiwatsitsa ngati dzira."

Kunkamveka mphepo ndi kulira kwa chingwe pachitsulo. Mkamwini anayang'ana pansi, anaona mafoni atatu atamuloza, ndipo nkhope yake inasanduka ija imene mwana wawo ankaidziwa kukhitchini.

"Nkhalamba yonunkha mbuzi iwe. Ndikatsika pano ndikuphwanya kuposa mwana wakoyo."

"Ndiye kuti mwakana," anatero amayiwo.

Mbuzi ikamalimbana ndi chingwe suikoka. Umaimasulira pang'ono, ikangodumpha umagwira mwamphamvu. Anamasula chingwe chotalika ngati mkono, n'kuchitseka nthawi yomweyo. Mapazi a mkamwini anaterereka, thupi linazungulira, nkhope inakamenya mwala kuti phwa. Chipewa cholimba chinateteza mutu, koma pakamwa palibe chipewa. Mkazi wina anakuwa. Mlangizi anawalanda chingwe n'kumutsitsa yekha, magazi akudontha pa malaya a kampani.

Atangoponda pansi, mkamwini anawalumphira chingwe chikadali m'chiuno. Chibakera chinawapeza paphewa, anagwa chagada pamiyala. Chachiwiri sichinafike. Mlangizi anamukoka ndi chingwe chomwecho, bambo wa magalasi uja ndi mnzake anamukhalira pamsana, iye akutukwana ndi mawu otuluka mphepo.

Amayiwo anadzuka, anasasa fumbi, n'kuyamba kuyenda chowerama pansi pa thanthwe ngati wotaya singano. Wina anati aitane apolisi.

"Aitaneni," anatero osadzutsa mutu. "Ndili ndi dzino lina loti ndiwaonetse, ndi chithunzi cha mkono cha kuchipatala."

Dzino la mkamwini analipeza pakati pa timiyala. Analipukuta pa siketi, n'kutenga la mwana wawo m'dzanja la mayi wa imvi, n'kuwaika pamodzi pachikhatho. Mayiyo, maso ali ofiira, anapempha nambala ya foni ya mwanayo.

"Ndikupatsani. Koma tsiku lokambirana mtengo ine ndidzakhalapo. Mwanayo ndi wanzeru, kutsatsa ndiye sadziwa."

Kenako anapita pamene mkamwini anagona, n'kunjuta kuti aonane maso. Anamuonetsa mano awiriwo.

"Lanu ndi lachikasu, lobenthuka, muzu watsala momwemo. Kumsika sindikanalandira. Koma ndalandira, apongozi, ngongole yatha. Mwana wanga musamufunenso. Katundu wake ndikatenga ndekha, ndipo ndibwera ndi chingwe."

Anamanga mano onse awiri pa mfundo imodzi, n'kufunsa mlangizi kuti basi yotsika inyamuka nthawi yanji, chifukwa mbuzi zinali zisanamwe madzi.