Dothi la Phazi la Gloria

Dzuwa linali litatsala pang'ono kulowa pamene Tabita anayamba kuwola mtedza umene anauyanika pabwalo. Unali mwezi wa Julaye, ndipo mphepo ya mwera inkaluma zala. Apongozi ake aamuna, a Wilson, anali pakhonde la nyumba yawo akusoka thumba, atafulatira phiri la Msendwe monga ankachitira masiku onse. Tabita anabwera chitengwa m'mudzi wa Kamgwazi, kufupi ndi Nsaru, zaka khumi zapitazo, koma anali asanawaonepo bambowo atayang'ana kuphiriko.

Mwana wake Gloria, wa zaka zisanu ndi zinayi, analowa pabwalo akuimba, miyendo ili matope okhaokha mpaka m'mawondo. Atafunsidwa, anati ana a katekisimu anali kunkhuti kukaponda dothi la njerwa. Mpingo unkafuna kumanga chipilala chokumbukira achinyamata a kwaya amene anafera paphiri zaka makumi atatu zapitazo, ndipo pamsonkhano anagwirizana kuti dothi lake lipondedwe ndi ana, poti mapazi awo ndi osalakwa.

Singano inagwa m'manja mwa a Wilson.

"Unaponda nawo, iwe?"

"Eya, agogo. Ine ndi Noel ndi amene tinaponda kwambiri."

"Amene anati ana aponde ndi ndani?"

Gloria sanadziwe. A Wilson ananyamuka, natenga khasu lawo, n'kutuluka osanena kumene akupita. Anabwera kutada, ndipo chakudya chawo chinagona m'mbale.

Nkhani ya pa Msendwe aliyense m'derali amaidziwa. Mu Julaye wa 1993, chaka chimene chisanu chinawaula nthochi m'madimba, achinyamata asanu ndi atatu a kwaya anakwera phirilo kukazika mtanda pamwamba pake. Ananyamula lona womangira tenti, wobwereka ku esiteti ya fodya, mabulangete, ufa ndi nyemba, kuti akagone usiku umodzi. Wilson anabwerera panjira chifukwa cha chilonda cha kuphazi chimene chinali chitamuvuta mwezi wathunthu. Anzake asanu ndi awiri anapitirira.

Patapita masiku atatu anthu anakwera kukawafuna. Anapeza lona ali chiimire, khomo lake lili lomanga bwinobwino ndi luzi, koma kumbuyo atang'ambidwa ndi mpeni kuchokera mkati. Nsapato zonse zinali momwemo, mabulangete momwemo, nyemba zili mumphika zosakhudza. Mitembo anaipeza m'munsi, mbali ya phiri imene kulibe mudzi kapena njira. Onse anali opanda nsapato, ena atavula ndi malaya omwe. Awiri anali patsinde pa msuku umene nthambi zake zinali zothyokathyoka, ngati munthu ankazikakamira kuti asapite kumene miyendo inkamutengera. Mtsikana mmodzi anali ndi nthiti zothyoka, koma pakhungu popanda bala. Phirilo lili ndi afisi ambiri, koma palibe mtembo umene unalumidwa.

Apolisi analemba kuti anafa ndi kuzizira. Chimene chinawatulutsa m'lona usiku wachisanu, osavala, sanachilembe. Ena anati anaona moto ukuyenda pamwamba pa phiri, ena anati achinyamatawo anakangana okhaokha, ena anati anaponda malo a mizimu. Koma yankho limene linakhazikika m'mudzi linali limodzi: munthu amabwerera bwanji panjira tsiku lomwe anzake akukafa? Chaka chotsatira fodya wa a Wilson anachita bwino kuposa wa aliyense, ndipo anthu anangoyang'anana. Kuyambira pamenepo ankawapatsa moni wapatali, ndipo kumanda palibe ankawapatsira khasu.

Tabita anazimva zonsezi asanakwatiwe. Anali atafika Folomu 4, ndipo anauza mayi ake kuti ndi nkhani za anthu osowa chochita. Koma Gloria atabadwa, anadzipeza kuti sankamusiya yekha ndi agogo akewo ngakhale kanthawi kopita kumjigo, ndipo sankafuna kudzifunsa chifukwa chake.

M'mawa mwake mwa tsiku la matope lija, Tabita anadzuka kukuyera, napeza mphasa ya Gloria ili yokha, chitseko chili chotsegula. M'nyumba munkamveka fungo la dothi lonyowa, ngati la mvula yoyamba, pomwe mvula inali italeka mu Epulo. Mwanayo anali chiimire pakhomo la agogo ake, opanda nsapato, juzi ataitaya pansi, mphumi atagunditsa kuchitseko. Udzu unali mbuu ndi chisanu, koma thupi lake linkatentha. Atamugwedeza anangoti, "Kukutentha, amayi." Dzuwa litatuluka sankakumbukanso kanthu.

Kumjigo Tabita anamva kuti sanali yekha. Ana ena anayi a katekisimu anachita zomwezo, koma iwo anapezeka panjira yolowera kuphiri, wina kuseri kwa manda, wina kudambo. Amayi ankalankhula motsitsa mawu, ndipo ataona Tabita akutula ndowa anasintha nkhani n'kuyamba za chitopa chimene chinkatha nkhuku. Benedeta, mayi wake wa Noel, ndiye anamuyang'ana m'maso.

"Wanu munamupeza kuti, amake Gloria?"

"Pabwalo pomwepo."

"Pabwalo basi? Ali ndi mwayi, eti."

Tabita sananene kuti pakhomo la ndani. Anaimbira foni mwamuna wake Januario, amene nyengo ya fodya amakhala ku Kanengo akunyamula mabelo. Iye anati ndi malungo amenewo, apite naye kuchipatala, ndipo asiye kumvera akazi a pamjigo amene akhala akunyoza bambo ake kuyambira iye ali kumsana. Kuchipatala anamuyeza magazi, malungo osawapeza.

Masiku anayi otsatizana Gloria anapezeka pakhomo lomwelo. Agalu a m'mudzi anasiya kuuwa. Anthu odutsa kunkhuti madzulo ankati akumva phwata, phwata, ngati mapazi akuponda matope, pomwe dothi linali litauma gwa. Tabita ankafunitsitsa kuwafunsa a Wilson, koma mkamwana safunsa apongozi aamuna zinthu zotere. Amagwada patali, kunena kuti madzi ali kubafa, n'kuchoka. Nawonso a Wilson ankatsegula pakamwa ngati anena kanthu, kenako n'kungofunsa ngati mbuzi zamwa.

Lachisanu Noel anasowa. Benedeta anali atakhoma chitseko ndi loko, koma mwanayo anatulukira pazenera. Anamupeza masana patsinde pa Msendwe, mtunda wa maola awiri, atagona chafufumimba, mapazi ali minga yokhayokha, malaya ake atawapinda bwino pamwala. Anali atazizira kale.

Pamaliro anthu ankanong'onezana kuposa kulira. Wina anati anawaona a Wilson kunkhuti ndi khasu madzulo a tsiku limene ana anaponda dothi. Tabita anazimva zimenezi. Anachoka mwakachetechete, nachita chimene anali asanachitepo zaka khumi zonsezo: analowa kuchipinda kwa apongozi ake. Pansi pa bedi panali chinthu chokulunga m'thumba la feteleza. Chinali chibuma cha dothi louma, chodulidwa mosamala, ndipo pakati pake panadindika phazi la mwana. Chala chachiwiri chinali chachitali kuposa chachikulu. Phazi limenelo Tabita anakhala akulisambitsa kuyambira tsiku limene linabadwa.

Palibe munthu kuno amene sadziwa ntchito ya dothi la paphazi. Ukalitenga n'kulikonza, mwini phazi amalondola kumene dothilo lili. Tabita sanaganize kawiri. Anathamanga nacho chibumacho kusiwa, nachipereka m'manja mwa a Petro, wapampando wa tchalitchi, khamu lonse likuona.

A Wilson anali atakhala paokha pansi pa mango. Anthu atawazungulira sanathawe. Anayang'ana chibumacho, kenako mkamwana wawo.

"Amake Gloria, mwachita chiyani?"

"Phazi la mwana wanga likufuna chiyani pansi pa bedi lanu, bambo?"

"Likufuna kuti mwana asapitirire pakhomo panga."

A Wilson anafotokoza kuti mu 1993 anzawo asanu ndi awiri aja anaponda dothi la njerwa za tchalitchi sabata imodzi asanakwere phiri. Iwo okha sanaponde chifukwa cha chilonda. Maliro atatha anadutsa kunkhuti, naona kuti m'mphepete, momwe matope amauma ndi mapazi a anthu otuluka, wina anali atadula zibuma zisanu ndi ziwiri. Sanauze munthu, poti akanawamvera ndani? Tsono atamva kuti ana aponda dothi anathamangira komweko. Anapeza zibuma zinayi zitadulidwa kale, mabala a khasu ali aawisi. Phazi la Gloria analizindikira ndi chala chija, nalidula msanga mwini ntchitoyo asanabwerere.

A Petro anafunsa chifukwa chake sanachiphwanye. A Wilson anayankha kuti sankadziwa chimene chingachitikire mwendo wa mwanayo, ndipo sakanayesera pa mdzukulu wawo.

"Anzake onse amalowera kuphiri," anatero, akuyang'ana Tabita yekha. "Wanu amabwera kwa ine. Simunadzifunse?"

Wina kumbuyo anaseka nati mfiti siisowa chonena. Mlongo wake wa mtsikana wa nthiti zothyoka uja, bambo wa imvi tsopano, anatola mwala. Zitatero zonse zinachitika mofulumira. Amayi anabalalika, mwala woyamba unagwera paphewa, ndipo a Petro ndi aphunzitsi awiri anawakweza a Wilson pa njinga yamoto kupita kupolisi kuti asaphedwe. Pofika madzulo nyumba yawo inali phulusa. Atatuluka kupolisi anapita kwa achibale ku Mchinji, ndipo sanabwerenso.

Fumbi litatsika, funso lija linayamba kumuluma Tabita. Anapita kwa a Petro kukapempha chibuma. A Petro anati pa chipwirikiti chija anapatsira a Gabriel, mlembi wa mphakati, kuti awagwirizire. A Gabriel anati anachiika pabenchi. Mayi amene anakhala pabenchipo anati anaona wina akuchikulunga m'chitenje, koma nkhope sanaiyang'ane, ankayesa ndi wa kubanja. Tabita anayenda khomo ndi khomo. Aliyense anamulandira bwino, kumuyalira mphasa, kumuyamika kuti wapulumutsa mudzi. Anafunsanso kuti pamsonkhano uja ndani anayamba kunena kuti ana aponde dothi. Onse analipo, onse anawomba m'manja, koma woyambitsa palibe ankamukumbuka.

Kutacha Gloria sanapite kuphulusa la nyumba ya agogo ake. Tabita anakamugwira kutsidya kwa dambo, nkhope italoza ku Msendwe.

Amuna a m'mudzi anakwera phiri kawiri kukafuna zibumazo, osapeza kanthu. Ansembe anabwera kudzawaza madzi odalitsa m'nyumba zonse zinayi za ana otsalawo. Banja lina linasamukira ku Kasiya, koma mwana wawo anamutola oyendetsa lole m'bandakucha wina, ali pamsewu, akulowera komwe kuli phiri. Chipilala sichinamangidwe, ndipo njerwa zake zinasungunuka ndi mvula. Anthu amene anaponya miyala amanenabe kuti a Wilson akuchitira ku Mchinji komweko. Tabita sawatsutsa, koma akakhala m'tchalitchi amayang'ana misana ya anthu mmodzimmodzi, ndipo popatsana moni wa mtendere amachedwa kutambasula dzanja.

Januario sanamukhululukire mkazi wake za bambo ake, koma atabwera kumudzi, ndiye anagula chingwe cha ng'ombe asanabwerere ku Kanengo.

Kutentha kukayamba mu Sepitembala zonse zimaleka. Gloria amagona bwino, amasewera fulaye ndi anzake, kusukulu amakhoza. Zimabwerera mu Juni, ndi chisanu choyamba. Pamenepo Tabita amamanga chingwe mwendo wa mwanayo, mbali inayo n'kumanga mwendo wake. Chaka choyamba chingwe chikakoka ankangodzuka n'kumubweza ndi dzanja limodzi. Chaka chatha ankagwira ndi manja awiri. Chino n'chachitatu, ndipo Gloria wamufika paphewa. Sabata yatha Tabita anadzidzimuka ali pakhomo, msana utasupuka, atakokedwa kuchokera pamphasa.

Masana ake Gloria anakhala pansi n'kumapaka mafuta mwendo wa mayi ake, pomwe chingwe chinadya khungu. Anapaka nthawi yaitali.

"Amayi," anatero, maso ali pansi, "lero mundimangirire ku mzati. Inu mwayamba kupepuka."

Tabita anatembenuka kuyang'ana mzati wa pakati pa nyumba. Unali wa bulugamu, ndipo m'munsi mwake chiswe chinali chitalowa kale.